Dzina Lili M'mphepete: Mafunso ndi Mayankho pa Mamendulo Akale a Asilikali Oimba Bandi

Anthu amasonkhanitsa zinthu zakale zosiyanasiyana: masitampa, ndalama zachitsulo, mabuku, magalamafoni. Mamendulo a asilikali amasiyana ndi zonsezi chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi dzina la mwini wake, nambala yake ndi gulu limene ankatumikira. Pakati pa osonkhanitsa mamendulo pali kagulu kamene sikalimbana ndi mamendulo a akazembe a nkhondo. Iwo amasakasaka a oliza malipenga, oimba ng'oma ndi otsogolera bandi, makamaka mendulo imene inkaperekedwa kwa msilikali wotumikira zaka zambiri popanda mlandu. Kwawo kwa nkhaniyi ndi ku Britain, koma inafika mpaka ku Zomba kudzera mwa asilikali a King's African Rifles, amene makolo athu ankawatchula kuti a Keyala.

Kodi mendulo ya utumiki wautali ndi yotani, ndipo inayamba liti?

Anaikhazikitsa ndi Mfumu William IV mu 1830. Dzina lake ndi Long Service and Good Conduct Medal. Ndi yasiliva, yozungulira, ndipo kukula kwake ndi mamilimita 36 kuchoka mbali ina kufika mbali inzake. Sinali mphoto ya kulimba mtima pankhondo ayi. Inali ya msilikali wamba, kopolo kapena sajeni amene wakhalitsa pantchito ali ndi khalidwe labwino. Maofesala sankalandira nawo.

Poyamba msilikali woyenda pansi ankayenera kukwanitsa zaka 21, ndipo wokwera pahatchi zaka 24. Mu 1870 anatsitsa zakazo kufika pa 18, ndipo zinakhala choncho mpaka 1977 pamene anazitsitsanso kufika pa 15. Koma zaka pazokha sizinkakwanira. Akuluakulu ankatsegula buku la milandu la msilikaliyo n'kuona ngati anagwidwapo ataledzera, ngati anajombapo pa perete, kapena ngati anaimapo pamaso pa khoti la asilikali. Kupezeka wolakwa kukhoti limenelo kunkatha kumutayitsa munthu mwayi umene anauvutikira kwa zaka zambiri. Amene wapambana ankalandira mendulo pamaso pa anzake, ndipo kawirikawiri pankakhalanso kandalama kothokoza, kamene chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kanali mapaundi 5.

Maonekedwe a mendulo amauza munthu nthawi imene inapangidwa. Za m'nthawi ya William IV ndi Mfumukazi Victoria zili ndi mulu wa zida za nkhondo ndi chishango cha ufumu pakati, ntchito ya mmisiri wa ku Italy, Benedetto Pistrucci. Ya William IV ili ndi kachishango kena ka Hanover pakati penipeni, kamene kanachotsedwa Victoria atalowa ufumu mu 1837. Kuyambira pa Edward VII, amene analowa ufumu mu 1901, kutsogolo kwa mendulo kunayamba kukhala nkhope ya mfumu. Riboni yake inali yofiira moderako, yopanda mzere uliwonse, mpaka 1916 pamene anaiika mizere yoyera m'mbali kuti anthu asamaisokoneze ndi ya Victoria Cross. Mu 1930 George V anakhazikitsa mtundu watsopano, wokhala ndi kachitsulo kolembedwa kuti Regular Army pamwamba pake.

Kodi woimba bandi anali msilikali weniweni, kapena wongosangalatsa anthu pa perete?

Funso limeneli ndi limene osonkhanitsa mamendulowa amafunsidwa kwambiri, ndipo limachokera pa kusadziwa. Mawailesi asanabwere, lipenga ndi ng'oma ndiwo anali mawu a mkulu wa asilikali. Kukampu, lipenga ndi limene linkadzutsa anthu m'mamawa, kuwaitanira ku chakudya, kuitana alonda ndi kulamula kuti nyali zizimitsidwe. Kunkhondo, pakati pa utsi ndi phokoso la mizinga, lipenga ndi limene linkanena kuti pitani patsogolo kapena bwererani. Woliza wake ankaima pafupi ndi ofesala, pamalo pamene adani ankalozetsa mfuti. Akalakwitsa nyimbo imodzi, gulu lonse linkatha kulowera kolakwika.

Oimba a m'bandi yaikulu anali ndi ntchito ina yoopsa. Nkhondo ikayamba ankasunga zoimbira zawo n'kunyamula machira. Iwo ndiwo ankapita kukatola ovulala pamalo pamene zipolopolo zikugwa.

Thomas Rendle ndi chitsanzo chodziwika. Anali woimba mu bandi ya 1st Battalion ya Duke of Cornwall's Light Infantry. Pa 20 November 1914, pafupi ndi Wulverghem ku Belgium, mabomba anagumula maenje amene anzake ankabisalamo ndipo ena anakwiririka. Rendle anaika moyo wake pachiswe, kufukula ndi kupulumutsa anthu mfuti zikulira, ndipo anapatsidwa Victoria Cross. Nkhondo itatha anasamukira ku South Africa, kumene anakhala mtsogoleri wa bandi ya asilikali ku Cape Town, ndipo anamwalira mu 1946. Daniel Laidlaw, woliza chitoliro cha ku Scotland mu King's Own Scottish Borderers, anatuluka m'dzenje pa nkhondo ya ku Loos pa 25 September 1915 n'kumayenda poyera akuimba, kuti alimbitse mtima anzake amene anasokonezeka ndi utsi wapoizoni. Walter Ritchie wa Seaforth Highlanders anachita zofanana ndi lipenga pa 1 July 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme. Onse awiri analandira Victoria Cross.

Atatuwa anatchuka. Anzawo ambirimbiri anagwira ntchito yomweyo osatchulidwa m'nyuzipepala, ndipo kwa ambiri a iwo chizindikiro chokha chimene chinatsala ndi mendulo ya utumiki wautali. N'chifukwa chake sikulakwa kunena kuti mendulo imeneyi, ngakhale ilibe mbiri ya tsiku limodzi lalikulu, imafotokoza moyo wa munthu mokwanira kuposa mamendulo ena ambiri.

N'chifukwa chiyani oimba ambiri ankakhalitsa pantchito chonchi?

Ambiri ankalowa ali ana. Gulu la nkhondo la Britain linkalandira anyamata a zaka 14 kuti aphunzire ng'oma, lipenga kapena choimbira china, ndipo ochuluka ankachokera kunyumba zosungira ana amasiye kapena kumabanja a asilikali. Zaka zimene mnyamata ankagwira asanakwane 18 sizinkawerengedwa pa penshoni.  Kunja analibe munda kapena ntchito ina yoti abwerereko. Bandi ndiyo inali kwawo. Gululo nalonso silinkafuna kutaya munthu amene lamuphunzitsa kuwerenga nyimbo kwa zaka zambiri.

Frederick Ricketts anayenda njira imeneyi. Atamwalira makolo ake, analowa mu Royal Irish Regiment mu 1895 ngati mnyamata wa m'bandi. Mu 1908 anakhala mtsogoleri wa bandi ya 2nd Battalion ya Argyll and Sutherland Highlanders, ndipo mu 1914 anapeka nyimbo yoguba ya Colonel Bogey pogwiritsa ntchito dzina loti Kenneth Alford. Mu 1927 anapita ku Royal Marines, ndipo anapuma mu 1944, atatumikira pafupifupi zaka 50.

Pali chinthu china chimene wosonkhanitsa ayenera kudziwa pa za atsogoleri a bandi. Kale ambiri mwa iwo sanali asilikali. Anali akatswiri wamba, ambiri ochokera ku Germany, amene maofesala ankawalemba ganyu ndi ndalama za m'thumba mwawo. Munthu wotere sankayenera mendulo ya msilikali, ndipo gulu likatumizidwa kunkhondo iye ankatha kutsala. Kuipa kwa zimenezi kunaonekera poyera mu 1854 ku Scutari, pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea. Pa perete yokumbukira tsiku lobadwa la Mfumukazi Victoria, mabandi angapo anaimba nyimbo ya fuko pamodzi, koma iliyonse ndi kamvekedwe kake, mpaka chinangokhala chisokonezo. Duke wa ku Cambridge anachita nazo manyazi, ndipo mu 1857 anatsegula sukulu ya oimba a usilikali ku Kneller Hall, ku Twickenham. Kuchokera apo atsogoleri a bandi anayamba kutuluka mwa asilikali eniake. Dan Godfrey, amene anatsogolera bandi ya Grenadier Guards kwa zaka 40, ndiye anali woyamba kupatsidwa udindo wa ofesala, mu 1887. Sukulu ya Kneller Hall inatsekedwa mu 2021 ndipo maphunziro anasamukira ku Portsmouth.

Munthu angadziwe bwanji kuti mendulo iyi inali ya woimba?

Palibe mendulo yapadera ya oimba. Kutsogolo ndi kumbuyo n'chimodzimodzi ndi ya msilikali wina aliyense. Kusiyana kuli m'mphepete.

Wosonkhanitsa amagwira mendulo ndi zala ziwiri, kuiimika chammbali pafupi ndi windo, n'kuizunguza pang'onopang'ono ali ndi galasi lokuza zinthu. Pa kamzere kopyapyala kameneko pamayamba nambala, kenako udindo, dzina, ndipo pomaliza gulu. Udindowo ndi umene iye akufuna, ndipo umalembedwa mwachidule. Bndsmn. kapena Bdsm. ndi woimba wa m'bandi. Musn. ndi woimba wa m'magulu monga a Guards ndi Royal Artillery. Dmr. ndi wa ng'oma, Bglr. ndi Tptr. ndi a malipenga, Ppr. ndi wa chitoliro cha ku Scotland. Pamwamba pawo pali Drum Major, Bugle Major, Pipe Major ndi Bandmaster.

Apa ndi pamene mendulo ya utumiki wautali imakhala yofunika kwambiri. Pa mamendulo a nkhondo ya 1914 mpaka 1918, woimba nthawi zambiri ankalembedwa kuti Pte., ngati msilikali wamba. Munthu angathe kuona mamendulo atatu a nkhondo imeneyo osadziwa kuti mwini wake anali wa m'bandi, mpaka atatembenuza yachinayi, ya zaka 18 ija, n'kupeza udindo wake weniweni.

Nanga asilikali a kuno kwathu, analandira nawo?

Inde, ndipo anali ndi mendulo yawoyawo. Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa pa 1 January 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba, 1 KAR ndi 2 KAR, anali a dziko lino. Anachokera mu Central African Regiment, imene asilikali ake anali atamenya kale nkhondo ku Ashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana, mu 1900. Likulu lawo linali ku Zomba. Kampu ya Cobbe inatenga dzina la Alexander Cobbe, amene analandira Victoria Cross ku Erego, m'dziko la Somaliland, mu October 1902, akutsogolera asilikali ochokera kuno.

Mu 1907 anakhazikitsa King's African Rifles Long Service and Good Conduct Medal. Imafanana ndi ya ku Britain ija, koma kumbuyo kwake kuli dzina la gululi pamwamba, ndipo riboni yake ndi yofiira yokhala ndi mzere wobiriwira pakati. Nayonso inkafuna zaka 18 za khalidwe labwino.

Kukwanitsa zaka zimenezi mu Keyala sinali nkhani yamasewera. Ambiri ankalembedwa kwa zaka zochepa n'kubwerera kumudzi. Boma likafuna kuchepetsa ndalama linkachotsa anthu. Mu 1911 linathetseratu 2 KAR, ndipo asilikali ena amene anachotsedwa anawoloka malire kukalembedwa ntchito ndi Ajeremani kumpoto kwa nyanja, mpaka mu 1914 anapezeka akumenyana ndi anzawo akale. Bataliyoniyo inadzautsidwanso mu 1916. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, koma itatha magulu anachepetsedwanso. Amene anapirira zonsezi mpaka kufika zaka 18 anali ochepa, ndipo oliza malipenga ndi oimba ng'oma pakati pawo anali ochepa kwambiri. N'chifukwa chake mendulo ya Keyala yokhala ndi udindo wa woimba imakopa maso ikangotulukira pamsika.

Kawirikawiri siikhala yokha. Msilikali wokhalitsa wa nthawi imeneyo angakhalenso ndi Africa General Service Medal, imene pa riboni yake ankaikapo tizitsulo ta siliva tolembedwa malo a nkhondo, monga Somaliland 1902-04 kapena Nyasaland 1915. Kachiwirika n'ka asilikali amene anatumidwa kukathetsa kuukira kwa M'busa John Chilembwe. Mmalawi akagwira mendulo yotere m'manja, sangapewe kuganiza kuti ulemu umene msilikali analandira kwa atsamunda unabwera pa magazi a abale ake. Mbiri imeneyi siyofunika kuibisa. Mendulo ndi umboni wa zimene zinachitika, zokoma ndi zowawa zomwe. A m'badwo wotsatira anali ndi Burma Star ya nkhondo yachiwiri, komanso General Service Medal yolembedwa Malaya ya m'zaka za m'ma 1950. Pa ufulu wa 1964, 1 KAR inasanduka Malawi Rifles.

Oimba a usilikaliwa anasiya chinthu china chimene sichili m'bokosi la wosonkhanitsa aliyense. Magule a malipenga ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda m'chigawo chapakati ndi beni kwa Ayao anatengera perete ndi bandi ya asilikali: mizere yowongoka, zovala zochapidwa ndi kusitidwa bwino, maudindo onga a usilikali, ng'oma yaikulu, ndi zikho zoliza m'malo mwa malipenga amkuwa. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger analemba buku lonse pa za beni mu 1975. Mnyamata amene akuvina malipenga lero akutsanzira anthu omwe mayina awo ali m'mphepete mwa mamendulo amenewa.

Mtengo wa mendulo umachokera pati?

Siliva wake ndi wochepa, ndipo si amene amagulitsa mendulo. Chimene ogula amalipira ndi munthu ndi mbiri yake. Mendulo ya utumiki wautali ya msilikali wa ku Britain ya m'zaka za m'ma 1900, ikakhala yokha, ili m'gulu la zotsika mtengo, moti ambiri amayambira pamenepo. Victoria Cross, kumbali inayo, imapitirira mapaundi 100,000 pa okushoni. Pakati pa ziwirizi mtengo umakwera malinga ndi zaka za mendulo, kusowa kwa udindo wolembedwawo, kutchuka kwa gulu, ndiponso nkhondo zimene mwini wake anapitako. Ya Bandmaster imaposa ya Drummer chifukwa bataliyoni inkakhala ndi mtsogoleri wa bandi mmodzi yekha.

Chachikulu pa zonse n'chakuti mamendulo a munthu mmodzi akhale pamodzi. Osonkhanitsa amadandaula kwambiri akapeza kuti banja linagawana, mwana uyu imodzi, mdzukulu uyo ina, kenako aliyense n'kugulitsa payekha. Ena amatha zaka akusakasaka imodzi imene inasochera, ndipo magazini ya Medal News ya ku Britain ili ndi gawo lothandiza anthu kulumikizanso mamendulo omwazikana. Pakakhala chithunzi cha mwini wake, buku lake lotulukira usilikali kapena kalata, mtengo umakweranso.

Ogulitsa amaikanso zilembo zosonyeza mmene mendulo ilili: EF ngati ili pafupifupi yatsopano, VF ngati yatha pang'ono, F ngati yaperepeseka. Pa mamendulo a oimba, zilembozi zimafunika kuziwerenga mwanzeru. Palibe msilikali amene ankavala mamendulo kawirikawiri kuposa wa m'bandi. Perete iliyonse, maliro alionse, phwando lililonse la maofesala, iye analipo atawapachika pachifuwa, atawapukuta usiku wake. Akamaguba ankagundana okhaokha, ndipo wa ng'oma ankawakhulitsanso ndi lamba. Mukayang'anitsitsa mupeza timabala ting'onoting'ono patsaya la mfumu pamene nsonga ya mendulo yoyandikana inkagunda, tsitsi la mfumuyo litafufutika ndi kupukuta. Wongofuna zonyezimira adzaona ngati chilema. Wodziwa amaona umboni woti mwini wake anaigwiritsadi ntchito, ndipo ameneyu ndiye akulondola.

Misika yodziwika ili ku London, kumakampani monga Spink, Noonans, imene kale inkatchedwa Dix Noonan Webb, ndi Morton & Eden. Buku la Medal Yearbook, lotuluka chaka chilichonse, limapereka chithunzithunzi cha mitengo. Bungwe la Orders and Medals Research Society, limene linayamba mu 1942, limasonkhanitsa ofufuza a m'maiko ambiri.

Kodi zachinyengo ziliko?

Ziliko, ndipo zili mitundu itatu. Woyamba ndi mendulo yongoumba potengera yeniyeni. Yeniyeni inkadindidwa ndi makina amphamvu, choncho zilembo zake zimakhala zakuthwa ndipo pamalo osalala pamakhala see. Youmba imakhala ndi timaenje ting'onoting'ono, zilembo zofooka, nthawi zina ndi kamzere m'mphepete pamene zikombole ziwiri zinakumana.

Wachiwiri ndi woopsa kwambiri chifukwa mendulo imakhala yeniyeni, koma dzina ndi labodza. Wachinyengo amapala dzina la msilikali wamba ndi tupa n'kulembapo la munthu wa udindo wosowa. Kupalako kumadya chitsulo. Mukayeza kukula kwa mendulo mbali zingapo mupeza kuti mbali imene ili ndi dzina yachepa, ndipo mphepete mwake mwapyapyala kuyerekeza ndi pafupi ndi chopachikira. Kalembedwe nakonso kamaulula. Nthawi iliyonse inali ndi kalembedwe kake, zina zodinda, zina zozokota ndi dzanja, ndipo wodziwa amayerekeza ndi mamendulo ena a gulu lomwelo a zaka zomwezo. Si mendulo iliyonse yolembedwanso imene ili yachinyengo, poti msilikali wina akataya yake ankagula ina n'kulembetsapo dzina lake. Komabe mtengo wake umatsika kwambiri, ndipo wogulitsa wachilungamo amanena poyera.

Wachitatu ndi kuwonjezera. Mamendulo a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amene Britain inapereka analibe mayina. N'kosavuta kugula Burma Star yopanda dzina n'kuisokera pambali pa mendulo ya utumiki wautali kuti gulu la mamendulowo lioneke lonona. Popanda pepala losonyeza kuti munthuyo anapitadi ku Burma, wogula asalipire nkhani yongomva.

Mbiri ya mwini mendulo ingapezeke kuti?

Kwa msilikali wa ku Britain, malo oyambira ndi National Archives ku Kew, mu London. Mapepala a asilikali amene anapuma chisanafike chaka cha 1914 ali m'gawo la WO 97, ndipo amanena kumene munthu anabadwira, msinkhu umene analowera, maiko amene anapitako ndi milandu yake. Mabuku a mendulo ya utumiki wautali ali mu WO 102, mindandanda ya mamendulo a nkhondo zakale mu WO 100, ndipo makadi a mamendulo a nkhondo yoyamba ali mu WO 372. Zambiri mwa izi zikupezeka pa intaneti. Chomvetsa chisoni n'chakuti mafayilo ochuluka a asilikali a nkhondo yoyamba, oposa theka, anapsa mu September 1940 bomba litagwera nyumba yosungiramo ku Arnside Street.

Kwa wa Keyala ntchito imakula. Kalaliki wachizungu ankalemba dzina mmene walimvera, nthawi zambiri dzina limodzi lokha, ndipo anyamata ena ankalembetsa dzina losiyana ndi la kumudzi. Nambala ndi bataliyoni ndiye zimakhala chogwirira. National Archives of Malawi ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre ndi malo oyenera kufikako. Buku la Hubert Moyse-Bartlett la mbiri ya King's African Rifles, la 1956, limathandiza kudziwa kumene bataliyoni inali chaka chakutichakuti, ndipo la Melvin Page, The Chiwaya War, lili ndi zimene asilikali ndi amtengatenga eniake anafotokoza. Koma zimene wogula wa ku London sangazipeze m'buku lililonse zili ndi agogo kumudzi: dzina lenileni la munthuyo, mfumu yake, chimene ankaimba, ndi mmene anakhalira atabwerako.

Mendulo yakuda ndi yofunika kuitsuka?

Ayi. Kuda kwa siliva wakale si dothi, ndipo osonkhanitsa amakukonda. Phulusa, mchenga, sitiliwulu ndi mankhwala opukutira zitsulo zimadya nkhope ndi zilembo, ndipo chimene chadyeka sichibwerera. Mendulo si poto. Ngati pali fumbi, kansalu kofewa kouma n'kokwanira. Riboni yakale, ngakhale yasuluka, isatayidwe. Mendulo iliyonse ikulungidwe payokha kuti zisakhulane, ndipo zisungidwe pouma, kutali ndi denga lodontha ndi utsi wa kukhitchini.

Kodi n'koyenera kugula ndi kugulitsa ulemu wa munthu wina?

Ena zimawanyansa, ndipo maganizo awo ndi omveka. Munthu anapirira zaka 18 kuti alandire chinthu chimene lero chikuitanidwa mtengo pa okushoni ndi anthu amene sanamuonepo. Komabe zoona zake n'zakuti mamendulo ambiri akale alipo lero chifukwa cha osonkhanitsa. Ena ambiri anasungunulidwa ngati siliva wamba kapena anatayidwa pamene nyumba zinkasesedwa mwini atamwalira. Wosonkhanitsa wabwino amafufuza mbiri, kuilemba, ndi kuisunga pamodzi ndi mendulo kuti wodzaitenga pambuyo pake aipeze. Amene ayenera kudzudzulidwa ndi wogula wodyera masuku pamutu banja losauka, amene amapereka ndalama ya sopo pa chinthu chimene akudziwa kuti akachigulitsa mapaundi ambiri kunja. Woyeneranso kudzudzulidwa ndi wovala mendulo ya wina n'kumanamizira kuti ndi yake.

Ku Malawi nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Zolembedwa za asilikali athu akale n'zochepa, ndipo mendulo iliyonse imene yatuluka m'dziko popanda wolemba za mwini wake imapita ndi mbiri ya banja lonse. Chaka chilichonse mu November, pa chipilala cha Keyala ku Zomba ndi pa cha ku Area 18 ku Lilongwe, woliza lipenga amaima n'kuimba nyimbo ya Last Post pokumbukira amene anafa. Mayina a amene anagwira ntchito yomweyo iye asanabadwe sadziwika kwa ambiri, pamene ena mwa mayinawo ali m'masutikesi akale m'nyumba zathu.

Banja limene lili ndi mendulo yotere lichite izi lisanaganize za mtengo. Likope zonse zolembedwa m'mphepete, chilembo ndi chilembo. Lijambule mendulo kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, pamodzi ndi pepala kapena chithunzi chilichonse cha mwini wake. Lifunse akuluakulu amene anamuona akadali moyo, n'kulemba zimene anena. Mamendulo asagawidwe pa chuma cha masiye. Asungidwe ndi munthu mmodzi wodalirika m'dzina la onse. Ngati mavuto akakamiza kugulitsa, banja lifunse mtengo kwa anthu angapo, ndipo liyambe lalankhula ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale kapena a Museum ya ku Chichiri, chifukwa dziko lino lili ndi lamulo la Monuments and Relics Act loteteza zinthu za mbiri kuti zisamangotuluka kunja.